Kanjira Kosalumikiza pa Bolodi ya ku Dowa

1.
Tiona Lolemba, anatero Mwatitha.

2.
Ku Mchesi, kuseri kwa owotcherera mageti, iye ndi amalume ake, a Chikakwiya, amajambula pakompyuta timabolodi tamagetsi toyendetsa mapampu a sola. Pulogalamu yawo ndi yaulere, ya aliyense, koma amene ankaisamalira anabalalika kalekale. Yatsopano ilipo, yaulerenso. Kungodina basi.

3.
Vuto ndi maso a amalume. Akuchita khungu pang'onopang'ono, ndipo nkhaniyi palibe amaitchula. Pulogalamu yakaleyo amaiyendetsa ndi zala, zaka makumi awiri zili pa mabatani omwewo. Kusintha pulogalamu, zalazo zisochera, ntchito ya amalume ithera pompo. Mwatitha akaganiza zimenezi mtima umamuwawa.

4.
Zimene yatsopano ili nazo:
imakuuza ukaiwala kulumikiza
a kufakitale yopanga mabolodi sabweza mafayilo ake
imaonetsa bolodi ngati waigwira m'manja

Zimene ilibe:
amalume

5.
Iwe Mwatitha, yatsopano ija waiyesa?
Ndaiyesa, malume. Imachedwa.
Zoona?
Tiona Lolemba.

6.
Bodza.

7.
Iwe Mwatitha amene masana alionse amalume akatuluka kukagula chimanga chootcha umatsegula ntchito yawo mwakachetechete n'kuwongola tinjira ta kopa todutsa magetsi tokhota, kulumikiza pamene anaphonya, kusuntha kadontho aka ndi ako, n'kutseka msangamsanga asanabwere, kenako n'kumawayamikira kuti dzanja lanu malume silikalamba, iwo n'kuseka, iwenso n'kuseka, owotcherera panjapo ali kalikiliki ndi phokoso lawo

8.
Lolemba.

9.
Lolemba lina. A kufakitale abwezanso mafayilo. Tiona.

10.
Lachinayi amalume sanapite kukagula chimanga. Anakoka mpando n'kukhala pafupi naye.

Bolodi ya ku Dowa ija, anatero, kanjira ka pakona ndinakasiya dala kosalumikiza. Mu Epulo. Ndinkafuna ndione ngati undiuza.



Unakalumikiza, n'kundiyamikira, anapitiriza. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikusiya kamodzi pa bolodi iliyonse. Mabolodi asanu ndi anayi tsopano.

Malume, ine ndinkaopa kuti…

Ndikudziwa. Koma amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankandikalipira ndikalakwitsa, chifukwa ankandiona kuti ndine wantchito. Iwe unandipumitsa kalekale, mwana wa mlongo wanga. Kungoti sunandiuze.

Anavula magalasi, n'kuwaika m'thumba la malaya. Sanakwiye, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Mwatitha.

Ika yatsopanoyo, anatero. Ndizikhala apa, uzindiuza zimene ukuona. Ukalakwitsa ndikukalipira.

Mwatitha anagwira mausi.

Pakona paja, malume, anatero chapansipansi. Pa bolodi ya lero. Mwasiya tiwiri.

Amalume anavalanso magalasi, n'kusuzumira pakompyutapo.

Ine ndinasiya kamodzi.