Khumi mwa Khumi

Kalata ya kukhonsolo itafika, a Radko anadziwiratu kuti wolemba ndi mwana wawo Plamen, wogwira ntchito kumeneko. Ndani winanso akanalemba mokoma chonchi, ngati wogulitsa mbuzi yodwala? Chibwerereni kumaphunziro ku Sofia, Plamen sankalamulanso munthu. Ankati anthu paokha saganiza bwino, ndiye umangowasalazira njira, iwo n'kutsetsereka okha.

"Mwa anansi khumi a m'mudzi mwanu, asanu ndi anayi achoka kale," inatero kalatayo. "Malo anu kunyumba ya okalamba m'tauni ndi okonzeka." Kabokosi ka "ndavomera" kanali kochongeratu. Wosafuna anayenera kukakana yekha ku ofesi pofika Lachisanu.

Bodza munalibe, n'chimene chinawawawa. Anansi asanu anatengedwa ndi ana awo akulira, anayi anachoka pa machira kupita kumanda, kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko n'kumene kunagonanso akazi awo a Nevena, ndipo a Radko analumbira kuti sadzawasiya okha paphiri pomwe panali mudzi wawowo.

Lachinayi anavala jekete la kumaliro n'kutsika kukadikira basi. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anaona chipepala pamtengo: basi inasiya kukwera phiri chifukwa okwera achepa.

Loweruka Plamen anafika ndi galimoto ndi masutikesi awiri opanda kanthu.

"Ndimafuna kukana," anatero a Radko. "Basi sinabwere."

"Mukanaimba foni, bambo."

"Ndinaimba. Kamawu ka makina kanati ovomera adine wani. Okana abwere okha."

"Komatu palibe wakukakamizani. Ufulu munali nawo sabata yathunthu."

"Iwe, mbuzi zanga ndikazitsekera njira zonse n'kusiya ya kukhola, sindinena kuti zasankha."

Plamen anaseka, akupinda malaya a bambo ake. "Kunyumba ya okalambako n'kofunda, kuli anamwino. Mukanaganiza mofatsa, mukanasankha zomwezi."

"Ndiye unandiganizira."

"Ndinangokupeputsirani."

Akutsika phiri, a Radko anapempha kuti aime pamanda. Plamen anati adzabwera tsiku lina, msewu ukauma. Foni yake inalira, anali abwana ake.

"Inde, bwana, bambo atuluka okha, popanda phokoso," anatero monyadira. "Kalata ya mudzi winawo tilembe kuti kuno avomera khumi mwa khumi."

A Radko anafumbata kiyi wa nyumba yawo mpaka anawacheka m'manja. Mwana wawo anali atawasandutsa nyambo yokolera nkhalamba zina.