Dikira Kaye, Ulawe Ichi

1.
Felesita anali asanakhale n'komwe pansi pamene mchimwene wake Jerevaziyo anamugwiritsa tambula yamwendo wautali. Mayiyu anachokera kuchipatala, kumene wakhala akudwazika bambo awo chiyambire mvula, ndipo anabwera ndi mawu.

Achimwene, ndabwera kuti...

Dikira kaye, ulawe ichi. Mawa kukubwera eni mahotela kudzaona katundu wanga, ndiye ndikufuna ndiyesere pa lilime la munthu wamba.

2.
Jerevaziyo anapita ku Italy kukaphunzira unsembe. Anabwerako wopanda mkanjo, koma ndi mphuno yodziwa vinyo. Tsopano ankaitanitsa vinyo n'kumagulitsira kunyumba kwake ku Namiwawa, ndipo mphesa ankazitchula maina ngati ana obereka yekha.

3.
Vermentino, mnzake chambo chowotcha.
Sangiovese, mnzake nyama ya matimati.
Nebbiolo, mnzake bowa.
Moscato, mnzake keke.
Chilichonse chili ndi mnzake, Felesita.

4.
Anazunguza tambula, nalowetsamo mphuno yonse, nakoka mpweya ngati galu amene wapeza una wa mbewa, kenako anamwa pang'ono n'kuyamba kuchukucha m'kamwa, masaya kutupa, kukhosi kulira, maso ali tsinzinu, ndipo Felesita akuti tsopano ameza, mkuluyo anawerama n'kulavulira zonse m'kabeseni konyezimira, malovu ofiira akulendewera pandevu ngati ulusi

Nyansi.

5.
Kuwodi nakonso kunali kabeseni. Kapulasitiki, kong'aluka m'mphepete. Chotupa chapakhosi chinawaletsa bambo kumeza, ndiye phala likalowa linkabwerera njira yomweyo. Felesita ankakatsuka pampopi wa kuseri, ntchentche zili pambuyo pake. Zogwera mmenemo nazonso zinali zofiira.

Iwe mwana, mchimwene wako wati abwera liti?

Loweruka, bambo.

Loweruka lake liti?

6.
Wamva kuwawasa kumeneko? Ndiye Sangiovese ameneyo, wowawasa ngati matimati omwewo, n'chifukwa chake amamvana. Ukamupatsa nsomba wawononga zonse ziwiri, limenelo ndi tchimo, mlongo wanga. Ine ndinaona nkhalamba ina ku Italy kuja ikutuluka m'nyumba ya mwana wake chifukwa cha zimenezi. Kodi abambo ali bwanji? Eya, undiuza bwinobwino tikamaliza. Dikira kaye, ulawe ichi.

7.
Mkazi wa Jerevaziyo, Dorika, analowa ndi tchizi chochita chuku. Fungo lake, sokosi zimene zagona m'nsapato yonyowa.

Alamu, mwaondatu. Kuchipatalako simukudya?

Tikudya, alamu.

Felesita anaona zikhadabo za Dorika, zazitali, zopaka zofiira, nabisa manja ake pansi pa tebulo. Ake anali osupuka ndi sopo wochapira nsalu za wodwala. Anatsegulanso pakamwa kuti anene chimene anabwerera, koma Jerevaziyo anali atayamba kale kufotokoza za phiri lina kumene nkhungu imakuta mphesa m'mawa.

8.
Koma chimene chinamunyansa Felesita koposa si malovu aja, si tchizi. Anadya. Chambo chonse, mpaka kuphwanya mutu. Nyama, msuzi wake n'kuupukuta ndi buledi. Nebbiolo uja sanalavule ayi, anameza, ndipo atakumana ndi bowa m'kamwa munachitika zokoma zosaneneka, moti anapezeka watsinzina ndendende mchimwene wake.

Taona iwe Felesita, anadzidzudzula mumtima, ukunyambita zala. Lero. Mimba yako ilibe manyazi.

Anapereka mbale kuti amuwonjezere.

9.
Waona? anatero Jerevaziyo akuwomba m'manja. Chilichonse chili ndi mnzake! Dorika, tamuone, ndinakuuza kuti magazi athu ndi amodzi.

Anatsegula botolo lomaliza, la vinyo wotsekemera, wathovu pang'ono. Dorika anayamba kudula keke.

Uyu ndiye Moscato. Wofewa, ngakhale wodwala sangamukane. Loweruka ndiwatengera abambo, angonyowetsako milomo.

10.
Felesita anaika tambula pansi. Kunja dzuwa linali litapendeka, woyendetsa minibasi wina akuliza hutala kumsewu.

Achimwene, bambo atisiya. Lero m'mawa, kukucha. Ndawatseka maso ndekha, ndawaperekeza kunyumba yachisoni ndekha. Foni yanu inkangoitana, ndiye ndinati ndibwere ndi miyendo.

Mpeni unaima pakati pa keke. Jerevaziyo anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Anayang'ana minga ya chambo m'mbale ya mlongo wake, msuzi wopukutidwa, mabotolo otsegula.

Ndiye iwe wakhala pano nthawi yonseyi? Ukudya?

Felesita anaimirira, namanga bwino chitenje chake.

Ee, achimwene. Ndinali ndi njala.