Abakha a Padziwe la a Gordon

Bambo Overtone atapuma pantchito pachipatala ku Hamilton, kutsidya kwa nyanja, mu 1976, anasamukira kumafamu n'kugula mfuti. Alimi onse anawakaniza kusaka pamalo awo, kupatula mkulu wina, a Gordon, amene anawalola kupita kudziwe lawo atamva kuti kwawo ku Ntcheu Bambo Overtone anali mlenje wotchuka.

Mmawa wina wankhungu Bambo Overtone anaona abakha ali phee pamadzi. Anawombera kawiri, koma palibe amene anauluka. Atayandikira anapeza tizibenthu tamtengo tikuyandama. Anali abakha osema, okopera abakha enieni.

"Anasema ndi malemu bambo anga," anatero motsitsa mawu a Gordon, amene anafika atamva kulira kwa mfuti, akutola kamutu kothyoka.

Bambo Overtone anavula chipewa. Kunyumba, mkazi wawo atafunsa za nyama, anangoti mutu ukuwapweteka, nakagona osadya.