Mbuzi ya Abusa ku Chowe

Pofika tsiku lachitatu la chionetsero cha zaulimi ku Chowe, mapazi a mayi Rosalina anali atatupa ngati mandasi. Zaka makumi asanu ndi limodzi si masewera. Chiyambire Lachinayi, iwo ndiwo ankaphikira alaliki ochokera ku Blantyre, omwe anadzamanga tenti yawo pakati pa khola la mbuzi za mkaka ndi tebulo la ogulitsa mbewu. Abusa a Tikhala, mtsogoleri wa gululo, analalikira pa chimkuzamawu mpaka mawu kusasa. Anthu ankalandira timapepala ta Uthenga ndi manja awiri, mwaulemu ndithu, akapita apo n'kukulungiramo mtedza. Kuno n'kwa Asilamu, abale inu, munthu sasiya mzikiti wa makolo ake chifukwa wamva jenereta.

Ndiye abusa anagula mbuzi. "Loweruka tidyetsa aliyense," anatero. "Mimba ikakhuta makutu amatseguka."

Mayi Rosalina anali ndi yawo nkhani, ndipo sinali ya makutu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Joana, anakwatiwa ndi Swadick n'kulowa Chisilamu, ndipo zaka zitatu zinatha osalawa chophika mayi ake. Banja la mayi Rosalina linabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo pakhomo pawo nkhumba sizinkasowa. Mayiwo anagulitsa nkhumba zonse, anagula mapoto atsopano, koma ayi ndithu. Joana ankabwera, kugwada, kupereka moni, kumwa madzi, basi ulendo. Zinkawapweteka zedi, ndipo anali atatopa n'kunamizira kuti sizikuwapweteka.

Lachisanu masana Joana, yemwe ankaonetsa nandolo ndi kalabu ya amayi kutsidya kwa bwalo, anaima pa tenti paja.

"Ndamva mawa kuli mbuzi, amayi. Azinga ndani?"

"A Jaffalie. Ndawauza kale."

"Basi ndidzadya," anatero Joana, ngati nkhani yaing'ono.

A Jaffalie ndiwo ankazinga ziweto m'mudzimo mwachisilamu. Ngakhale Akhristu, pa ukwati kapena pa maliro, ankaitana iwowo kuti pasapezeke wobwerera ndi njala. Mayi Rosalina anawafotokozera abusa zimenezi kawiri, abusa n'kumagwedeza mutu uku akukonza waya wa chimkuzamawu.

Loweruka m'mawa mayiwo anapita kumjigo. Mzere wake, mayo ine! Chionetsero chonse chinkamwa pamenepo, anthu ndi ng'ombe zomwe. Pobwera ndi ndowa pamutu anapeza mbuzi ili lende pa mtengo kuseri kwa tenti, yosendedwa kale, abusa akupukuta mpeni.

"Abusa! Nanga a Jaffalie?"

"Mayi, dzuwa lakwera, munthu wanuyo sakuoneka. Ndaipempherera m'dzina la Yesu. Kodi pemphero langa n'lochepa?"

Sananene mwamwano ayi. Maso awo anali ofiira, kolala yakuda ndi fumbi, munthu woti masiku atatu wakhala akuitana popanda woyankha. Mayi Rosalina anatula ndowa, n'kukhala pansi kaye. Kukangana kukanabweza mutu wa mbuzi? Anatumiza uthenga kwa a Jaffalie kuti asavutikenso, n'kuyamba kudula anyezi.

Anaphika bwino, poti dzanja silidziwa kuti mtima wakhumudwa. Mpunga unayera mbee, nyama inafewa, fungo linafika mpaka kwa alangizi a zaulimi omwe ankayeza maungu pa sikelo.

Joana anafika nthawi yogawa isanakwane, atafunda mpango wobiriwira. Anakhala pamkeka kuseri kwa tenti, pafupi ndi mayi ake, mwendo kukhudza mwendo.

"Ndathawa anzanga," anatero akuseka. "Ndati ndidye ndisanayambe kulalikiridwa."

Sanafunse kanthu. Akanafunsiranji, poti mayi ake anali atanena kale? Mayi Rosalina anatenga mbale yatsopano, naika mpunga, nasankha chiwindi chomwe Joana ankalirira ali mwana, nathira msuzi pamwamba. Palibe anaona mpeni uja koma iwo ndi abusa. Mulungu wake uti angakwiye poona mwana akudya kwa mayi ake? Anamuthirira madzi m'manja.

Joana anakokera mbale pafupi. "Bisimila," ananong'ona, n'kutapa mpunga ndi kachidutswa ka chiwindi.

Mayi Rosalina anamugwira pamkono.

"Usadye, mwanangu. A Jaffalie anachedwa. Azinga ndi abusa."

Chimkuzamawu chinalira kuti tswii, abusa akuyesa mawu awo otsalawo. Joana anayang'ana mpunga uli m'dzanja lake nthawi yaitali, kenako anaubwezera m'mbale pang'onopang'ono, n'kupukuta zala ndi udzu.

"Mukanangokhala chete, amayi," anatero. "Tchimo silikanakhala langa. Ndinali ndi njala ya chakudya chanu."

"Ndikudziwa."

"Nanga bwanji?"

"Ukanadzamva kwa ena. Ukanasiya ndi madzi anga omwe."

Kutsogolo kwa tenti anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo bambo wina anafunsa mokweza kuti wazinga ndani. Abusa anayankha zoona, ndipo mapazi anamveka akubalalika.

Mayi Rosalina anatenga mbale ija kuti aichotse, koma Joana anaigwira m'mphepete.

"Isiyeni pompa," anatero. "Idyani inuyo, ine ndizikuonani. Kuyambira m'mawa simunalawe kanthu, ndikukudziwani."

Mayiwo anadya, misozi ikugwera mumpunga, mwana wawo atawagwirira mbale.