Chingwe cha Makina a Mazira

Kodi mungalote chifukwa chake zingwe za sola m'nyumba za antchito a pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje zili ndi mitu yofiira?

Annette atabwera kothyola tiyi, anapeza makina ake ofungatira mazira atazima. Mazirawo anali pafupi kuswa, ndipo kunja kunali chiperoni. Chingwe chochokera ku batire panalibe. Mlamu wake Lenard, amene ankameta anthu ndi kukonza mawailesi ku Muloza, anali atachitengera makina ake ometera, n'kusiya china cha mutu wonenepa chimene sichinkalowa.

Pa laini ya nyumba za antchitoyo munthu sankamana mnzake chingwe, monga mmene sankamanirana mchere. Annette anafunditsa mazira bulangete, n'kunyamula makina kuyenda nawo khomo ndi khomo. Nyumba iliyonse inamukhuthulira jumbo ya zingwe: cha wailesi ya ku Milange, cha nyale ya ku Limbe, cha foni imene inafa kalekale. China chinkakana, china chinkagwedera.

Kwa a Honest, mlonda wa pafakitale, chinapezeka cholowa bwinobwino.

"Ngati chalowa, ndiye chake," anatero a Honest. "Tilumikize ku bokosi langa la magetsili, lili ndi mphamvu kuposa kabatire kanu."

Akazi awo a Rosie anawagwira dzanja. "Mayi, musawamvere awa. Pa wailesi yanga chinalowanso chonchi, inapsa, lero ndi mpando wa mphaka."

Annette anazula chingwecho. Anabwerera kunyumba, n'kutenthetsa madzi, kuwathira m'mabotolo ndi kuwaika m'mbali mwa mazira mpaka Lenard anatulukira pa njinga, dzuwa likupendeka.

"Alamu, mitu ya anthu a ku Muloza yawala?" anafunsa Annette mosakweza mawu. "Anapiye anga akuzizidwa."

Lenard anapepesa, nanena kuti ankayesa kuti zingwe zonse m'nyumbamo n'zofanana. Atabweza chingwecho makina anayaka, koma Annette sanalole kuti nkhani ithere pamenepo. Anauza anzake a pa laini kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kubwerekana sikudzatha chifukwa iwo si anthu omanana. Chofunika n'chakuti chobwerekacho chizilowa, ndipo chisamawotche katundu.

Anagwirizana kuti Lenard alipire mlandu wake ndi manja. Loweruka anabwera ndi mitu ya mtundu umodzi pamodzi ndi polowetsa pake, n'kuyamba kudula yakale pa nyale, mawailesi ndi makina onse oyendera batire wamba. Bokosi la a Honest analisiya lokha poti mavoti ake anali ochuluka, ngakhale eni ake ananyinyirika. Annette ankabwera pambuyo ndi kabotolo ka utoto wofiira wa m'zikhadabo, n'kumapaka mitu yatsopanoyo ndi polowetsa pake.

Mazira ena anafa, koma ambiri anaswa. Mutu wofiira umatanthauza kuti chingwecho n'cha mavoti khumi ndi awiri, ndipo chimalowa paliponse pofiira pa lainipo.