Jekete ya a Gilibati

A Maliko anapinda jekete ya malemu n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga, pamwamba pa bulangete ndi nkhwangwa.

"Jeketeyo itsale, bambo," anatero Efulemu.

Dzulo lake ndi pamene anameta maliro a bambo ake, a Gilibati. Anthu anali atabalalika. A Maliko, mng'ono wa malemuyo, ankasonkhanitsa katundu kuti apite naye kwawo ku Nathenje, poti kuno ku Mitundu a Gilibati anali mkamwini chabe.

"Itsale ya chiyani?"

"Mawa ndikukaonekera kwa bwana wa nyuzipepala ku Lilongwe. Mukudziwa."

Efulemu anamaliza Sitandade 6 ku Likuni, ndipo iyi inali ntchito yoyamba kumuitana. Bwanayo ankafuna munthu woyenda m'masitolo, wokopa eni ake kuti azilengeza malonda awo m'nyuzipepala. Mwezi wonse ankayeserera kuseri kwa chigafa cha fodya, kudzifunsa yekha ndi kudziyankha m'Chingerezi. Bambo ake akamumva ankangolavula malovu. "Munthu wamkulu kugulitsa mphepo," ankatero, n'kupitirira.

A Maliko anakoka chingwe mwamphamvu. "Dothi la pamanda silinaume, iwe uli kale ndi za tawuni. Fodya wa abambo ako ali m'chigafamu, asankha ndani?"

"Fodyayo mwamuonanso? Mubwera liti kudzamutenga?"

"Efulemu!" anatero amayi ake, a Dorica, ali pakhonde.

"Musiyeni, alamu, alankhule. Si ndiye ntchito akufunayo?" A Maliko anatsamira njinga n'kupinda manja. "Bwera. Ine ndine bwana wako. Ndikope. Ndiuze chifukwa choti ndikusiyire jekete ya mkulu wanga."

Mawu onse osalala amene Efulemu anakonza kuchigafa anathawa.

"Chifukwa pamene ankatsokomola magazi m'nyumba umu, inu simunaponde pano. Ndinawanyamula ndine kupita nawo kuthengo. Amayi ndiwo ankachapa nsanza zawo. Inu mwabwera ndi chingwe."

"Ndiye mmene ukalankhulire ndi mzungu?"

"Mzunguyo sanabere maliro."

Mbama inalira. A Dorica anadzuka, koma Efulemu sanasunthe. Anangoyang'ana a Maliko m'maso, tsaya likuyaka.

"Walephera," anatero a Maliko. "Ine ndinagona mphasa imodzi ndi Gilibati iwe usanabadwe. Jekete iyi tinakagula limodzi pochokera ku Joni. Usandiphunzitse kulira."

Anakankha njinga, katundu akupendekera uku ndi uku, mpaka anakhota pa mtengo wa mango.

Efulemu anamenya chidebe ndi phazi. Chinagubuduka mpaka pakhola, nkhuku zikubalalika.

"Ndikalowe mu ofesi chonchi? Mutu ngati wamkaidi, malaya ong'ambika pakhosi, mapazi ong'aluka? Akandifunsa chiyani munthu wotere? Ndipo inu munangokhala chete!"

"Unkafuna ndilimbirane nsalu ndi mlamu wanga, anthu aziti Dorica anapha mwamuna chifukwa cha jekete?"

"Iwonso abambo akadasangalala. Sanafunepo kuti ndipite. Olo tsiku limodzi sananenepo kuti mwana wanga, ukayese."

A Dorica anamanga bwino mpango wakuda kumutu, napita kunkhokwe. Anakwera pamwala, nalowetsa mkono mpaka paphewa m'chimanga, natulutsa kamtolo ka chiguduli. Anakaika pamapazi a mwana wawo.

M'katimo munali nsapato za a Gilibati za kutchalitchi. Zinali zopolishidwa mpaka kunyezimira, kunsi kwake atasokerera mphira watsopano wa tayala.

"Anabisa okha, miyendo ikuwakana kale," anatero a Dorica. "Anati, Maliko ndimamudziwa, atenga zonse za m'nyumba, koma m'nkhokwe sayang'ana. Anandiletsa kukuuza mpaka njinga itachoka."

Efulemu anakhala pansi. Bambo ake anali ndi phazi lalikulu, moti anadziwa kuti nsapatozo zimukhwepa. Anapukuta phazi ndi dzanja, nalilowetsa pang'onopang'ono. Zala zinakhudza chinthu chofewa kutsogolo. Anavula n'kusuzumira. Munali makoko a chimanga, ong'ambidwa tizingwe ting'onoting'ono, otsenderedwa bwino ndi chala chachikulu.

Anavalanso. Inamukwana.