Nyemba za Gulu la 17

"Usasindikize kaye," anatero Mayi Zala, atandigwira pamkono ndi dzanja lonyowa.

Ndinali nditatsala pang'ono kutulutsa ziphaso. Panja lole inali itadzaza matumba a mbewu ya nyemba, ndipo dalaivala ankangoliza hutala. Nthawi imeneyo ndinali nditagwira ntchito zaka ziwiri pa labotale yoyesa mbewu, chipinda chachitali chonunkhira dothi ndi mapepala onyowa. Pa gulu lililonse la mbewu tinkatapapo njere, kuzifesa m'mathileyi, n'kudikira. Zikamera zochepa, gulu lonselo silinkaloledwa kupita kwa alimi.

Owerenga mphukira anali Mayi Zala. Dzinali anapatsidwa kalekale chifukwa ankawerenga ndi chala, imodziimodzi, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Ine ndinali wa pakompyuta, ndipo kunena zoona ndinkadzimva.

"Gulu la 17 walipatsa 94 pa 100," anatero. "Ine ndinapeza 41. Zinazo zinawola."

"Kompyuta silakwitsa, mayi."

"Sindinatchule kompyuta, mwanangu."

Chimene ndinkanyadira kwambiri chinali fomula yomwe ndinalemba ndekha, n'kuitcha KUMERA. Unkangoiuza timabokosi tiwiri ta pa sipuredishiti, ndandanda ya manambala ya pakompyuta, ka njere zofesedwa ndi ka zomera, iyo n'kukuwerengera zonse. Inali itagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi popanda wodandaula. Ndinayang'ana pa mzere wa gulu la 17. Nambala ya Mayi Zala inalipo bwinobwino, 41. Koma pambali pake fomula yanga inkanenabe 94, osachita manyazi.

Abwana athu anasuzumira pakhomo, jekete lili paphewa.

"Kodi ziphaso zija zikuchita kumera nazonso? Lole ikudya mafuta panjapa."

Mayi Zala anakoka kampando n'kukhala pambali panga, chinthu chimene anali asanachitepo. Kompyuta ankaizungulira patali ngati galu wa eni.

"Tandiuza," anatero, "chinthu chakochi umachituma bwanji?"

"Ndimachiuza kuti chipite pa C9 ndi pa D9, chikatenge manambala."

"C9 ndiye ndani?"

"Si munthu, mayi, ndi malo. Ngati nambala ya bedi kuchipatala."

Anaganiza pang'ono, akupukuta chala pa epuloni.

"Nanga wodwala akamusamutsa bedi, mankhwala ake amwa ndani?"

Abwana anatsokomola. Anati m'mawa umenewo, ine ndisanafike, anawonjezera mzere umodzi pamwamba kuti alembepo gulu lina lofika mochedwa. Sanaone vuto lililonse.

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Polemba fomula m'kabokosi, ndinkatsekera C9 ndi D9 m'tizizindikiro tomwe timatsekera mawu olankhulidwa polemba. Motero fomulayo sinkalandira timabokosi tenitenito, inkalandira mawu chabe, ndipo mawu sasuntha. Abwana atawonjezera mzere, gulu la 17 linatsikira pa mzere wa 10, koma KUMERA inapitabe pa mzere wa 9, n'kukatenga manambala a gulu la 16. Magulu onse anali atavala zotsatira za anzawo. Ndinaganiza za alimi ofesa nyemba zakufa mvula yoyamba itagwa, n'kumapita kumunda m'mawa uliwonse kukayang'ana nthaka yopanda kanthu.

"Ndalakwitsa ndine," ndinatero.

"Ndiye konza," anayankha Mayi Zala. "Ife tikudikira."

Ndinasintha fomulayo kuti isamapitenso kukasaka yokha, izingolandira chimene chili m'kabokosi kamene yalozeredwa. Kenako ndinafufuta tizizindikiro tija pa mzere uliwonse. Zinanditengera mphindi makumi awiri, malaya atamatirira kumsana. Pomaliza ndinawonjezera mzere wina dala, tonse atatu tikuyang'ana. C10 inasanduka C11 yokha, kutsatira nyemba zake. Pambali pake panatuluka 41.

Abwana sanakalipe. Anakoleka jekete pachitseko n'kupita kukathandiza kutsitsa matumba makumi anayi a gulu la 17, dalaivala akung'ung'udza kuti anthu ophunzira amavutitsa.

Papita zaka zambiri tsopano. Chipinda chija anachigawa pakati, mphukira zimawerengedwa ndi makina a kamera, ndipo Mayi Zala tinawaperekeza kumanda chaka chathachi. Ndaphunzitsa anthu ambiri kulemba mafomula awoawo, koma ndikafika pa nkhani ya timabokosi ndimapezeka ndikulankhula ndi mawu awo.

Masana a tsiku lija, lole itanyamuka, ndinkayembekeza kuti andiseka. M'malo mwake anakhalabe pakampando paja, akuyang'anitsitsa sikirini, magalasi atatsikira pamphuno.

"Tabwerezanso," anatero. "Ndione mmene chikuthamangira."

Ndinawonjezera mzere. Nambala inasuntha. Anaseka mpaka kugwira phewa langa.

"Ndipatse ndiyese nane."

Ndinawaikira dzanja pa mbewa ya kompyuta, langa lili pamwamba pa lawo. Lawolo linali lozizira, lokhakhala, ndipo dothi linali likadali m'zikhadabo. Tinawonjezera mizere isanu ndi iwiri yopanda ntchito, wina pambuyo pa unzake, tiyi wathu akuzizira pawindo.